"Ndiye ukavala kuti?" Nkhani ya cosplay kuchokera pakhonde la atelala pa Chitakale

Mwana wa achemwali anga atangomaliza mayeso a Fomu 4, anandiumiriza kuti ndimuperekeze kwa atelala pa Chitakale, kuno ku Mulanje. Ine ndinkayesa akufuna thalauza la kutchalitchi. Tinawapeza pakhonde la golosale, tepi ili m'khosi, atazunguliridwa ndi nsalu za yunifolomu ya chinkhoswe. Mnyamata uja anapisa m'thumba, kutulutsa foni, n'kuwaonetsa chithunzi cha munthu wa m'katuni ya ku Japan: chijasi chakuda chofika m'mapazi, kolala yoima njo mpaka kubisa pakamwa, m'mapewa zinthu zokhala ngati ziwaya zovundikira, chilupanga kumsana.

Atelala anatsitsa magalasi, anayang'ana, anawakwezanso.

"Za sewero la kutchalitchi zimenezi?"

"Ayi, bambo."

"Za ukwati?"

"Ayi."

"Ndiye ukavala kuti?"

Mnyamata anangoti maso pa ine. "Amalume, tawauzani kuti ndi cosplay." Chonsecho inenso mawuwo ndinali nditawamva koyamba dzulo lake, kwa iye yemweyo. Atelala anabweza foni n'kunena kuti tibwere mwezi wamawa. Aliyense amene anasoketsapo chovala akudziwa tanthauzo la mwezi wamawa wa atelala.

Kunyumba nkhani inafika ife tisanafike. Anganga ake, omwe ndi mayi anga, anandilandira ndi funso ndisanakhale n'komwe pansi: "Iwe ndiwe mwinimbumba, ukungoonerera mwana akufuna kulowa gule? Ife kwathu n'kwa tchopa, zinyau wazitenga kuti?" Ndinaseka, koma nditagona ndinaona kuti atelala ndi anganga afunsa mafunso enieni. Chinthu chimenechi n'chiyani, nanga munthu wamkulu, wandevu zake, angatayirenji ndalama ndi masabata pa chovala chimene sangapite nacho kumaliro, kuukwati ngakhale kokafunsira ntchito?

Cosplay ndi kudzisandutsa, ndi chovala komanso machitidwe, kukhala munthu wina wodziwika wa m'nthano: wa m'filimu, m'katuni, m'gemu ya pakompyuta kapena m'mabuku a nthano zojambula. M'kalasi la Chichewa tinkati mtengambali. Mawu ofunika apa ndi akuti "wodziwika". Sikuti ungovala ngati msilikali kapena ngati mfumu ayi. Ndi msilikali uje wa m'nthano yakuti, amene ali ndi chipsera patsaya lakumanzere, amamanga lamba mopendekeka ndipo akaima amayika dzanja limodzi kumbuyo. Ukalakwitsa tsaya, anzako okonda nthanoyo aona nthawi yomweyo, monga mmene wochemerera mpira amadziwira kuti jezi iyi ndi ya chaka chatha. Palibenso amene wakutuma. Wasankha wekha chifukwa mtengambaliyo umamukonda, ndipo cholinga chako n'chakuti okuona amuzindikire. Mbali yomalizayi ndiyo ndinachedwa kuimvetsa, ndipo ndiyo yagwira zina zonse.

Dzinali linabadwira ku Japan, ngakhale zidutswa zake n'za Chingerezi. Anatenga costume, kutanthauza chovala chapadera, n'kulumikiza ndi play, kusewera. Iwo amatchula kuti kosupure. Amene amadziwika kuti anayambitsa dzinali ndi Nobuyuki Takahashi, yemwe analilemba m'magazini ya My Anime m'chaka cha 1983. Koma mwana anayamba kuyenda asanapatsidwe dzina. Mu July 1939, ku New York kunachitika msonkhano woyamba wa Worldcon, wa anthu okonda nthano zopeka za sayansi, ndipo kunabwera anthu pafupifupi 200. Onse anavala monga anthu amavalira popita kumsonkhano, kupatula awiri, Forrest J Ackerman ndi Myrtle R. Douglas, amene anatulukira atavala ngati anthu a m'tsogolo. Anasoka zovalazo ndi mayi Douglas, koma kwa zaka zambiri dzina lomwe linkatchuka ndi la bamboyo. Atelala a pa Chitakale nditawauza zimenezi pambuyo pake sanadabwe. Anati ngakhale pa ukwati anthu amayamikira mkwatibwi, osati amene anagona pamakina.

Chaka chotsatira, ku Chicago, msonkhanowo unakhala ndi chionetsero cha zovala, ndipo chizolowezi chinayambira pamenepo. Ku Japan nako, msika wa mabuku a nthano zojambula wotchedwa Comiket unayamba mu December 1975 ku Tokyo ndi anthu pafupifupi 700. Achinyamata anayamba kubwerako atavala ngati atengambali a makatuni awo, mpaka chinthucho chinakula n'kufuna dzina. Pofika December 2019, Comiket inalandira anthu 750,000 m'masiku anayi. Yerekezani ndi chinamtindi cha pa Chonde tsiku la Mulhako, kenako muchulukitse kambirimbiri.

Tsono tiyeni ku funso la anganga, chifukwa ndi pamene anthu ambiri kuno amasokonezekera. Kunja kwake, chigoba ndi chigoba. Koma gule wamkulu ndi cosplay zimayang'ana kosiyana. Wovala chigoba cha gule, malinga ndi mwambo wake, sakhalanso munthu. Ndi chilombo chochokera kudambwe, ndipo dzina la amene ali mkatimo ndi chinsinsi chimene ngakhale mayi wake sangatchule pagulu. Sulowamo chifukwa choti waona chithunzi chakusangalatsa. Pali mwambo wolowera, pali akuluakulu ake, pali maliro ndi zinamwali zimene gule amatulukira. N'chifukwa chake bungwe la UNESCO linamuika m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse mu 2005. Wa cosplay yekha amafuna mudziwe anthu awiri nthawi imodzi: mtengambaliyo, komanso iye amene wamupanga. Akajambulitsa amalemba dzina lake pansi pa chithunzi. Ukamufunsa kuti chigoba wachipanga bwanji, amavula n'kukuonetsa mkati, mpaka kukuuza mtengo wa guluu. Kudambwe zimenezo ndi mlandu. Pa chifukwa chomwechi ndinamuuza mnyamatayo poyera kuti tsiku lina asadzaganize zosema chigoba cha Chadzunda kapena Maria kuti akajambulitse. Zimenezo zili ndi eni ake, ndipo Amang'anja anzathu a ku Thyolo ndi kuno ku Mulanje sangazione ngati masewera.

Tchopa nayenso si cosplay, ngakhale kuti pa kavalidwe sachepa. Nthenga kumutu, zikopa m'chiuno, katundu kumsana wokhala ndi zidole, makasu ndi ziwiya zakale, zonsezi zimafuna luso, ndipo guleyu analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2014. Koma wovina tchopa sakunena kuti ndine wakutiwakuti wa m'nthano. Akunena kuti ndine Mlhomwe, mwana wa makolo awa. Mwana wovala ngati Herode pa Khrisimasi, ndevu za thonje zikugwera m'kamwa, anachita kusankhidwa ndi aphunzitsi a Sande sukulu, ali ndi mawu oloweza, ndipo sewero likatha ndiye kuti zatha. Ana a sukulu ya mkaka ovala ngati manesi ndi apolisi akuimira ntchito, osati munthu.

Amene ndimamuona kuti ndi msuweni weniweni wa cosplay ndi beni wa ku Mangochi, Machinga ndi Zomba, pamodzi ndi malipenga a ku Nkhata Bay. Magule amenewa anachokera ku perete wa asilikali a nthawi ya atsamunda. Anthu anaona yunifolomu za kaki, mamendulo, malipenga ndi kaguba, zinawalowa m'maso, n'kupita kukazisokera okha kumudzi, kugawana maudindo, kumapikisana kuti watchena ndani. Chinthu chachilendo anachitenga, n'kuchipanga ndi manja awo, chinasanduka chawo. Mtima wake ndi womwewo. Kusiyana n'kwakuti beni amatsanzira gulu la anthu, pamene cosplay imaloza munthu mmodzi wokhala ndi dzina.

Malire ake si owongoka, ndipo eni akenso amakangana. Ena amati wogula chovala chosokasoka pa intaneti si wa cosplay weniweni. Ambiri masiku ano amati ndi yemweyo, bola asaname kuti wasoka yekha akalowa mpikisano. Ine ndili mbali ya ambiriwo. Mtsikana akhoza kuvala ngati mtengambali wamwamuna, mnyamata ngati wamkazi, ndipo zimenezi n'zofala moti zili ndi dzina lake, crossplay. Ena amatenga mtengambali wa ku Japan kapena ku America n'kumusokera chovala cha chitenje, kusiya mitundu ndi zizindikiro zake zokha kuti azidziwikabe. Tsiku lina ndinamuyesa mnyamata uja. Ndinati, bwanji osavala ngati Napolo, wathu wa m'phiri momwemu? Anaganiza pang'ono n'kuyankha kuti, "Amalume, Napolo palibe amene anamujambula. Ndikhoza kuvala chilichonse, palibe anganene kuti ndalakwitsa. Komanso palibe angadziwe kuti ndi Napolo." Ndinakhala chete. Mwana anali atandiphunzitsa chimene ndinkayesa kumufotokozera.

Nanga chimakoma n'chiyani? Nditaonerera kwa miyezi iwiri, ndinganene kuti gawo lalikulu la kukomako limatha chovala chisanavalidwe. Lili m'manja. Amene tinakula tikupinda magalimoto a mawaya ndi kumanga mpira wachikulunga tikudziwa kuti tsiku lokoma silinali loyendetsa galimotoyo, linali lofunafuna zitsekerero za mabotolo zoti zikhale mateyala. Pa cosplay funso limakhala ili: chinthu chimene wojambula anangochilemba ndi pensulo, osaganizira kuti nsalu imalemera kapena kuti munthu amafunika kupinda mkono, ndichipanga bwanji kuti chiime pathupi la munthu? Kolala ya m'katuni imaima yokha. Ya nsalu imagwa. Tsitsi la m'katuni limaloza kumwamba ngati minga ya nungu, ndipo mphepo ikawomba silisuntha.

Kunja, zovala zooneka ngati zachitsulo amazipanga ndi EVA foam. Dzinalo lisakuopseni, ndi chinthu chofewa chija chimene amapangira masilipasi ambiri. Amayamba ndi patani ya papepala, kudinda pa foam, kudula ndi mpeni wakuthwa, kenako kuitenthetsa ndi mpweya wamoto kuti ipindike. Ikazizira imasunga maonekedwewo. Zidutswa amazimata ndi guluu wa nsapato, yemwe amapaka mbali zonse ziwiri n'kudikira kuti aume kaye asanaziphatikize, monga amachitira okonza nsapato pamsika. Akatero amatseka timabowo ta pamwamba kuti penti isamwerere, n'kupenta. Pomaliza pali luso limene linandiseketsa: chinthu chikatha bwinobwino, chonyezimira, amachidetsa dala. Amapaka penti yakuda m'makona n'kupukuta, amalemba timizere tasiliva m'mphepete, kuti chioneke ngati chinapita kunkhondo. Olemera amagula pulasitiki ya ku Germany yotchedwa Worbla, yomwe ikatenthedwa imaumbika ngati dongo.

Ife tinalibe zimenezo. Munthu wa m'makatuni tinamupanga ndi makatoni. Chijasi chinachokera ku katani yakuda ya pakaunjika ku Limbuli, imene mnyamata anaipeza atavundukula mulu kwa ola lathunthu wogulitsa akumuyang'ana ndi diso loti ugula kapena ukungosokoneza. Malamba atatu achikopa anachokera pamulu wina. Lupanga linali paipi ya pulasitiki yophwatalitsa pamoto, chogwirira chake chokulunga ndi malegeni. Wigi anapempha kwa mchemwali wake, yakutha, n'kuiumitsa ndi guluu wa mapepala wosungunula m'madzi. Za m'mapewa zija anaumba ndi nyuzipepala zoviika m'phala la ufa wa chinangwa, kuyala pa mbale yovundikira, kuyanika padzuwa masiku atatu. Zinauma gwa, zokongola. Anaziika pansi pa bedi. M'mawa mwake anapeza makoswe adya phewa limodzi mpaka theka. Anganga anaseka mpaka kutsokomola, n'kumuuza kuti akanafunsa akanamuuza kuti chinangwa sachisunga pansi.

Anaumbanso. Ndi pamene ndinaona kuti mwana amene kunyumba sankatha kusokerera batani waphunzira kuyeza thupi, kujambula patani papepala la thumba la simenti, kusiya malo a msoko, kusakaniza penti. Atelala aja, titapitako kachitatu ndi patani yodula kale, anavomera. Mwina chinawakopa ndi kolala ija. Anayesa kuikamo nsalu yolimbitsira makolala a malaya, inagwa. Anaika ziwiri, inagwabe. Mapeto ake anadula chigubu cha mafuta ophikira n'kulowetsa pulasitikiyo mkati mwa nsalu. Kolala inaima. Bambo wa zaka zoposa makumi asanu anaimirira n'kuomba m'manja yekha pakhonde, makasitomala a chinkhoswe akudikira.

Kukoma kwina kumabwera chovala chikafika pathupi. Mnyamata ameneyu ndi wamanyazi, wa mtundu uja woti alendo akabwera amapereka moni maso ali pansi n'kuzemba. Tsiku loyesa chovala chonse anatuluka m'nyumba akuyenda mwina, mapewa ali tambalale, chibwano m'mwamba, n'kundiyang'ana m'maso osaphethira. Zimenezi siziyenera kutidabwitsa. Taonani amayi a Mvano akavala zoyera, duku kumutu: mayendedwe amasintha, ngakhale mawu amasintha. Taonani mlonda tsiku loyamba kulandira yunifolomu. Akatswiri awiri a pa yunivesite ina ku America, Hajo Adam ndi Adam Galinsky, anachitapo kafukufuku mu 2012 wosonyeza kuti anthu ovala jasi loyera atauzidwa kuti ndi la dokotala ankachita zinthu mosamala kwambiri. Ena atabwereza kafukufukuyo zotsatira sizinafanane, choncho sindingamangepo nyumba. Koma chimene ovala cosplay ambiri amanena n'chomveka: manyazi ndi ako, mtengambali alibe. Anthu akakuyang'ana, akuyang'ana iyeyo, ndiye iwe umapeza mpata wopumira kumbuyo kwake. Ndiponso munthu sasankha mtengambali mwachisawawa. Wa mnyamata wathu ndi mwana wamasiye amene anthu ankamunyoza, n'kudzakhala wodalirika pamudzi. Bambo ake a mnyamatayu anapita ku Joni ali ndi zaka zisanu ndipo sanabwerere. Sindinamufunse zambiri.

Ndiye pali anzako. Munthu wokonda makatuni a ku Japan pa Chitakale, pa Luchenza kapena pa Bvumbwe amakhala ngati wolankhula chilankhulo chimene mudzi wonse sukumva. Chovala chimagwira ntchito ya mbendera: amene akudziwa nthanoyo amakuona patali, ndipo mumayamba kucheza ngati munakulira limodzi. Misonkhano ikuluikulu imakhalira zimenezi. Wa ku San Diego, ku America, unayamba mu 1970 ndipo umasonkhanitsa anthu oposa 130,000. Ku Africa kuno, Lagos Comic Con inayamba mu 2012 ku Nigeria, ndipo Comic Con Africa inayamba mu 2018 ku Kyalami, ku Johannesburg. Kwa mwana wa ku Mulanje, bwalo lake lalikulu ndi foni. Bandulo ikakhalapo amaika chithunzi pa Facebook, Instagram kapena TikTok, ndipo wina wa ku Nairobi kapena ku Manila amamufunsa kuti kolala waiimika bwanji. Yankho loti ndi chigubu cha mafuta limayenda ulendo wautali kuposa mwini wake.

Kwa ofuna mpikisano, waukulu ndi World Cosplay Summit, umene unayamba mu 2003 mumzinda wa Nagoya ku Japan. Dziko lililonse lochita nawo mpikisanowu limatumiza anthu awiri, ovala atengambali ochokera m'nthano za ku Japan, ndipo zovala ziyenera kukhala zopanga okha. Amachita kasewero kosakwana mphindi zitatu, koma asanakwere pansanja oweruza amayamba ayendera chovalacho pafupi, kutembenuza nsalu, kuona misoko ya mkati. Akudziwa za chikomekome cha nkhuyu. Alipo ochepa amene cosplay inasanduka ntchito yawo, amalipidwa ndi makampani a magemu, amagulitsa zithunzi ndi mapatani kapena kusokera anzawo. Ochuluka zedi amangotayapo ndalama, monga amachitira woweta nkhunda kapena wotsatira timu yake mpaka ku Karonga.

Sikuti zonse n'zokoma. Vuto lalikulu limagwera atsikana. Anthu ena akaona mkazi wavala ngati mtengambali amaganiza kuti wasanduka chidole choti akhoza kuchigwira kapena kuchijambula mmene afunira. Zinafika poti msonkhano wa New York Comic Con mu 2014 unaika zikwangwani zikuluzikulu zokumbutsa anthu kuti kuvala cosplay si kuvomera kugwiridwa. Ku Comiket lamulo ndi loti upemphe kaye usanajambule munthu, ndipo ovala saloledwa kubwera atavaliratu kuchokera kunyumba, amakavalira m'zipinda za pamalopo n'kuvulanso pobwerera. Ife Amalawi nkhani imeneyi sitichita kuimva kwa alendo. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi mpaka nthawi ya matipate, ndipo mu January 2012 mavenda ena anavula amayi m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre chifukwa cha zovala. Mtsikana wa kuno wofuna kuvala cosplay amayamba wawerengera zonsezo, ndipo sindingamunene kuti ndi wamantha akasankha kujambulitsa kuseri kwa nyumba m'malo mwa pamsika.

Palinso nkhani ya khungu. Atengambali ambiri a m'makatuni amajambulidwa oyera, ndiye wakuda akavala pamapezeka wina pa intaneti womuuza kuti sakufanana. Poyankha zimenezi, mayi wina wa ku America, Chaka Cumberbatch, anayambitsa mu 2015 chizolowezi choti mwezi wonse wa February anthu akuda aziika zithunzi zawo za cosplay tsiku lililonse. Mfundo imene ambiri amagwirizana ndi yakuti khungu si mbali ya chovala. Mzungu asadzipake zakuda, wakuda asadziyeretse. M'dziko limene mafuta oyeretsa khungu amagulitsidwa pambali pa sopo, mfundoyi ndi yofunika kuibwereza kwa ana athu. Mphepo inawombako chakwathu mu 2018 pamene filimu ya Black Panther inatuluka. Ruth E. Carter, amene anakonza zovala zake n'kupata nazo mphoto ya Oscar mu 2019, anatengera mabulangete a Abasotho ndi mikombero ya m'khosi ya Andebele, mwa zina. Anthu ambirimbiri m'misonkhano ya ku America ndi ku Ulaya ankavutika kufunafuna nsalu ndi mikanda zimene kwa ife n'zapafupi.

Zing'onozing'ono zoti mwinimbumba anene ndinanena. Yunifolomu yofanana ndi ya apolisi kapena asilikali a dziko lino usayerekeze, ndi mlandu. Mfuti yachidole yooneka ngati yeniyeni usayende nayo pamsewu, chifukwa wokuona sadzayamba wafunsa kuti ndi ya katuni iti. Timagalasi tosintha mtundu wa maso tija, togula paliponse popanda wachipatala kukuyeza, tikhoza kukupweteka diso. Guluu wa nsapato usamatire m'chipinda chotseka. Ndipo achemwali anga anali ndi mfundo pamene anafunsa kuti ndalama ya penti ikanagula mabuku angati. Pakhomo pamene ndalama imachokera kothyola tiyi, funso limenelo si la nkhanza. Tinagwirizana kuti chilichonse chogula chichokere m'maganyu ake, ndipo anapalira chinangwa cha anthu masabata awiri.

Funso la atelala lija linali lisanayankhidwebe: ukavala kuti? Anasankha Loweruka lina, m'mbali mwa msewu wopita ku Likhubula, pamene tiyi wayala ngati mphasa yobiriwira phiri lili kumbuyo. Mnzake wa foni ya kamera yabwino anabwera pa kabaza. Anavalira kuseri kwa mtengo, ine nditagwira chitenje ngati chotchinga. Atangotuluka, chiperoni chinatsika. Mvula ikakuona litsiro sikata. Tinaona phiri likuzimirira, kenako tiyi wa patali, kenako timadontho tinayamba kukhala pa mapewa a nyuzipepala aja. Penti inayamba kutsetsereka. Mnzakeyo ankangoti, "Aise, ima bwino, changu!" Anajambula zithunzi mwina khumi phewa lakumanja lisanafewe n'kugwera kutsogolo ngati khutu la mbuzi.

Amayi atatu osenza nkhuni anaima n'kumayang'ana. Mmodzi anafunsa mnzake ngati ndi wamisala, winayo anati ayi, ndi ana a masiku ano. Ndiye kunatulukira kamnyamata ka zaka ngati zisanu ndi zinayi, kopanda nsapato, kakukusa mbuzi ziwiri. Kanaima chilili, kukamwa yasa. Kenako kanafuula dzina la mtengambali uja, dzina la Chijapani limene ine mpaka lero lilime limandikana, n'kuika dzanja limodzi kumbuyo monga amaimira m'katunimo. Kaya kanaonera m'kanyumba ka vidiyo ka pamsika, kaya pafoni ya mkulu wake. Mwana wa achemwali anga, wonyowa, phewa lili lende, anatembenuka pang'onopang'ono, n'kukayankha ndi mawu okhuthala amene sindinawamvepo pakamwa pake. Kamwanako kanalumpha n'kuthamangira kumudzi kukaitana anzake, mbuzi kuzisiya zikulowa m'tiyi wa eni.

Lolemba ndinadutsa pa Chitakale. Atelala anandikodola. Chithunzi china anali atachisindikiza kale ku situdiyo n'kuchimata pakhoma, pakati pa masitayilo a madiresi a ku Nigeria. Anandifunsa ngati mnyamatayo ali ndi anzake ena ofuna zoterezi, n'kuwonjezera kuti ulendo wina tidzabweretse tokha chigubu, chifukwa chija chinali cha akazi awo ndipo nkhani yake sinathe kunyumba.